Batani la Hezron Pansi pa Tambula

Temwa, mwana wamkazi wa mwana wanga woyamba, anabadwa chaka chimene tinaponya voti yoyamba ya zipani zambiri. Amake anamwalira iye asanayambe sukulu, ndiye ndinamulera ndine kuno ku Nchenachena, m'nyumba yomwe ino. Ine kwathu ndi ku Dowa, kuno ndinabwera ndi ukwati ndili mtsikana. Chitumbuka ndimachilankhula mpaka kukalipa nacho, koma ndikagwira cholembera dzanja limathawira ku Chichewa chimene ndinaphunzira kusukulu. Ndikulemba chifukwa zambiri zanenedwa za mdzukulu wangayu m'misika ndi m'maminibasi, ndipo ambiri mwa onenawo sadziwa n'komwe ngati ndi wamtali kapena wamfupi. Ndi wamfupi, ngati agogo ake aamuna.

Kuyambira ali wamng'ono Temwa sankafotokoza nthano ngati anzake. Ena amangoyamba n'kukafika kumapeto, omvera n'kumangovomera. Iye ayi. Ankaima pakati n'kuloza mnzake: "Iwe ndiwe amene wafika pamtsinjepo. Uwoloka kapena ubwerera?" Mnzakeyo akati awoloka, nthano inkawoloka naye. Atapita ku koleji ya zauphunzitsi anakapeza kuti zimene ankachitazo zili ndi eni ake kunja, zili ndi malamulo, ndipo akuluakulu amasewera atakhala patebulo. Anabwerako ndi satifiketi yake, ndi kathumba ka madayisi. Lina mwa madayisiwo linali ndi mbali makumi awiri, lobiriwira ngati botolo.

Masewerawo amayenda chonchi, kwa inu amene mwangomva mabodza. Mmodzi ndiye mwini nthano, amafotokoza dziko ndi zoopsa zake. Enawo aliyense amakhala ndi munthu wake m'nthanomo: wina mlenje, wina wosula zitsulo, wina wamalonda. Ukafuna kuti munthu wako achite chinthu chovuta, monga kulumpha chigwembe, umaponya dayisi. Nambala ikakula walumpha, ikachepa wagweramo. Basi. Palibe kuombeza, palibe kutchula mizimu. Ine ndine mayi wa Umanyano, gulu la amayi a kumpingo, kuyambira Temwa asanabadwe, chinthu cha mdima sindikanachilola pa tebulo limene timadalitsirapo chakudya.

Atayamba kuphunzitsa pa sukulu ina ya kufupi kuno, anapeza anzake anayi osewera nawo. Isabella, namwino wa ku Khondowe. Yakobe, amene ali ndi kagolosale ku Chiweta. A Lovemore, alangizi a zaulimi, amene boma linawatumiza kuno kuchokera ku Thyolo. Ndi Hezron, mnyamata wa m'mudzi wathu womwe uno, wa kabaza wa njinga yamoto, wa nthabwala zosatha.

Vuto silinali nthano. Nthano Temwa anali nazo zodzaza nkhokwe. Vuto linali kuwasonkhanitsa anthu anayiwo pansi pa denga limodzi. Isabella Loweruka lina ali pantchito, lina wagona chifukwa wachezera ndi odwala. Yakobe sangatseke golosale tsiku limene mabasi akuima kwambiri. A Lovemore nyengo yothyola khofi sapezeka, ali m'mapiri ndi alimi. Mvula ikagwa msewu wathu umasanduka phala, wochokera ku Chiweta amathera panjira. Mvula ikakata, kwagwa maliro, ndipo kuno maliro akagwa sufunsa kuti ndi a ndani, umangopita. Lamulungu ndi la Mulungu. Ndinkamuona mdzukulu wanga atakwera pachulu cha kuseri kwa khola, poti ndi pokhapo pamene foni imagwira, akulemba: nanga Loweruka likubwerali? Nanga linalo? Akatsika ndinkadziwira kumapazi kuti ayankha zotani.

Chifukwa chokumana patalipatali choncho, ankaiwala pamene analekezera. Ndiye Temwa anajambula mapu kuseri kwa kalendala yakale, n'kuwayala pa tebulo langa la pabalaza, n'kunena kuti asachotsedwe. Kunjako akuti amaikapo tizidole togula m'sitolo, toimira munthu aliyense. Ife tizidole tikagula kuti? Temwa anati aliyense asiye kanthu kake kakang'ono, kazikhala pamapupo mpaka adzabwerenso. Isabella anavula ndolo imene inzake inatayika. Yakobe anasiya mbedza yothyoka. A Lovemore anasiya chitsekerero cha cholembera chimene ankachitafuna akamaganiza, mano awo akuonekera. Hezron anangokoka batani lofiira pa jekete yake, ulusi uli lendelende.

Ndinamuuza tsiku lomwelo, alendo atapita. "Iwe, kuno chinthu cha pathupi pa munthu sichigona m'nyumba ya eni. Anthu akaona adzati chiyani?"

"Abuya," anatero akuseka, poti amanditchula choncho mwa Chitumbuka, "adzati batani."

Amene ankajomba kwambiri anali Hezron, yemwe ankakhala pafupi kuposa onse. Amalonjeza ndi pakamwa ponse, kenako wapeza wokwera wopita ku boma, wapita. Loweruka lina, nyengo ya mvula, atatu enawo anafika onse, chinthu chosowa. A Lovemore anabwera wapansi nsapato zili m'manja, matope mpaka m'mawondo. Anadikira mpaka tiyi anazizira. Hezron zii.

"Aphunzitsi, ine ndawoloka mitsinje iwiri," anatero a Lovemore. "Ameneyu akungofunika kulumpha ngalande ya kuseri kwanu. Tizimudikira mpaka tidzamere imvi?"

"Mlenje wake ndi amene ali kutsogolo, pakhomo pa phanga," anatero Isabella. "Tidutsa bwanji osamuponda?"

Temwa anali ndi lamulo lake lakuti palibe amene amayendetsa munthu wa mnzake. Nkhope yake inauma monga imachitira akapsa mtima. Kenako anayamba ndi mawu ake a nthano aja, otsika. Anati mlenje uja analowa m'phangamo yekha kukaona ngati muli chilombo, ndipo atangolowa, mwala waukulu unagubuduka paphiri n'kutseka pakhomo. Anadzuka, natsegula kabati yanga, natenga tambula yagalasi, imodzi mwa zimene ndimasungira alendo, navundikira batani lija.

"Akhale m'menemo mpaka mwini wake abwere adzamutulutse," anatero.

Anaseka onse, Yakobe mpaka kumenya tebulo. Anasewera mpaka dzuwa kupendeka, anthu awo m'nthanomo anapita kutali, ndolo ndi mbedza ndi chitsekerero chija zinakafika kumapeto kwa kalendala. Batani linatsala lokha pakona, pansi pa galasi.

Sabata yotsatira isanathe, anthu opita kumunda anapeza njinga ya Hezron itaimikidwa bwinobwino m'mbali mwa msewu, makiyi ali pomwepo. Iye anali atakhala pansi chapafupi, m'nkhungu, msana atatsamira mwala. Analibe bala ngakhale limodzi. Maso anali otsegula koma sankaona munthu, akamuitana sankayankha. Anamutengera kuchipatala ku Khondowe. Madokotala anati ndi malungo aakulu, amene amakwera kumutu, ndipo anamuyamba mankhwala. Ndikubwereza: madokotala anati malungo.

Ife za tambula sitinaziganizeko n'komwe. Patapita masiku, amake a Hezron, a Dinah NyaChavula, anatsika kuchokera kuchipatala kudzatenga ufa ndi zovala zosinthira, ndipo anapatukira kwathu kuti ndipemphere nawo, poti ndife amodzi ku Umanyano. Unali m'mawa, kunja kukuwala. Tinagwada pabalaza. Nditati ameni ndinaona kuti iwo sanavomere. Maso awo anali pa tebulo.

"Ilo ndi batani la mwana wanga," anatero.

"Ndi la masewera a ana, a NyaChavula."

"Ndinasoka ndine. Ndinalichotsa pa khoti ya malemu bambo ake. Ulusiwo ndi wanga." Anaimirira pang'onopang'ono. "Nanga mwalitsekera chifukwa chiyani?"

Ndinayang'ana nanenso. Tambula ija m'kati mwake munali mutachita nthunzi, ngati mmene galasi limachitira munthu akapumirapo. Kuno kumapiri chinyezi ndi chambiri, mchere umasungunuka m'botolo, machesi amakana kuyaka. Ndikudziwa zimenezo. Koma matambula ena a m'kabati anali ouma, ndinakawayang'ana pambuyo pake.

Temwa anatulukira kuchipinda, anamva zonse. Anathamangira patebulo dzanja litatambasuka. Ndinamugwira pamkono mwamphamvu, mpaka anafuula.

"Abuya, ndingochotsa basi!"

"Usakhudze."

"Musiyeni atsegule!" analira a NyaChavula. "Musiyeni amasule mwana wanga!"

Mawu amenewo ndi amene ndinkaopa. Mwanayu sukulu anapita nayo patali kuposa ine, koma mudzi sanaudziwe. Akanavundukula tambulayo yekha, mayi akulira kuti masula, ndiye Hezron n'kudzuka mawa lake, anthu akanati chiyani? Anamumanga ndiye, wamumasula ndiye. Hezron akanamwalira, akanati wamumaliza. Njira zonse ziwiri zinkathera pa dzina limodzi, ndipo dzina limenelo mkazi akalitenga kuno salivula mpaka kumanda.

"A NyaChavula," ndinatero, "tambulayi inavundikiridwa masana, anthu anayi akuona ndi kuseka. Idzavundukulidwa masana, anthu omwewo alipo, inunso mulipo, ndi aliyense wofuna kuona. Mdzukulu wanga sakhudza kanthu mobisa."

Anachoka osatsazika. Pofika madzulo nkhani inali itafika kuchigayo, ndipo inali itamera miyendo: ati muli tsitsi, ati muli zikhadabo, ati madayisi ndi mafupa a mwana. Lolemba m'kalasi mwa Temwa munali mabenchi okhaokha. Wapampando wa komiti ya sukulu, a Manasseh, anabwera chipewa chili m'manja, anakana kulowa m'nyumba, anakhala pakhonde chammbali. Anati makolo agwirizana kuti mphunzitsiyu achoke, apite kwina kumene sakumudziwa, apo ayi ana sabwerera.

"Achoke apite kuti? Mchombo wake unakwiriridwa kuseri uku," ndinawauza. "Tipatseni mpaka anzakewo abwere."

"Abwera liti?"

Funso limenelo ndi limene Temwa analephera kuliyankha zaka zonse zija, pamene kunalibe choopsa chilichonse. Tsopano anakwera pachulu, nalemba, nalembanso. Foni inkaonetsa kuti onse awerenga. Palibe anayankha.

Ndinamanga chitenje changa n'kuyamba ndi a Lovemore. Mkazi wawo anandilandira pakhomo, nati bambo apita ku wekishopu ku Mzuzu. Njinga yawo inali pakhonde, nsapato zamatope zija zili pambali.

"Wekishopu yake ikuchitikira kuseri kwa chitseko?" ndinafunsa mokweza. "Alangizi, tulukani. Malovu anu ali pa tebulo langa, mano anu ali pomwepo. Anthu akamaliza ndi Temwa adzafunsa kuti winayo wobwera uja, amene anati tisamudikire, anali ndani."

Anatuluka atavala malaya mozondotsa. "Agogo, ine ndine mlendo kuno, ndili ndi ana."

"Inenso ndinali mlendo kuno, ndili ndi mdzukulu. Tsiku liti?"

Anati Loweruka lililonse, bola lisakhale limene akuluakulu awo akubwera kudzaona minda. Ndilo linali Loweruka lotsatira.

Ku Khondowe ndinakwera galimoto ya matola, yodzaza ndi matumba a fetereza. Isabella ndinamupeza pa nthawi yopuma. Anandigwira manja onse awiri. "Abuya, ndimamuona tsiku lililonse. Ndi malungo, magazi ake ndawaona ndi maso angawa."

"Ndiye ukuopa chiyani, mwana wanga?"

Anayang'ana pansi. "Nthawi zina ndikamamusintha dripu amakweza dzanja, n'kumapapasa m'mwamba, ngati pali chinthu pamwamba pake. Chikhatho chimaima pamalo amodzi, ngati chagunda." Anapukusa mutu. "Odwala amachita zambiri. Ndibwera, koma andiika ntchito Loweruka ili ndi linalo. Ndisinthana ndi mnzanga ngati avomera."

Yakobe ndiye anandivuta. Iye ankafuna, mkazi wake ayi. Ndinatsika mpaka ku Chiweta, kotentha ngati m'ng'anjo, n'kukhala pakhomo penipeni pa golosale, miyendo nditatambasula. Wofuna sopo ankayenera kundilumpha, ndipo palibe mwana wa munthu amene angalumphe nkhalamba.

"Mama, mukutithamangitsira makasitomala," anatero mkaziyo.

"Yewo chomene, mwaona msanga. Mbedza ya amuna anu ili kwathu. Mukufuna akaitenge okha pamaso pa anthu, kapena anthu abwere nayo kuno akuimba?"

Dzuwa lisanafike pamutu anali atavomera.

Tinapangana tsiku, mlatho wa matabwa unakokoloka ndi madzi. Tinapangana lina, kunagwa maliro a mkulu wa mpingo. Masiku onsewo tebulo silinakhudzidwe. Tinkadyera kukhitchini. Ndikamasesa pabalaza ndinkazungulira patali, ndipo sindibisa, ndinkayesetsa kuti ndisayang'ane. Nthunzi ija inkati ikachepa, n'kubwereranso. Temwa anaonda, ankapita kusukulu n'kukakhala ndi mabenchi mpaka belu, n'kubwerera.

Titapangana kachitatu tsiku linapezeka, Loweruka. Ndinati tebulo lituluke panja, pansi pa mtengo wa mapeyala, kuti pasakhale wonena kuti zina zinachitikira m'kati. Analinyamula anayi, Temwa ndi anzake atatu, pang'onopang'ono kuti tambula isagwe, awiri kutsogolo awiri kumbuyo. Mayi wina m'gulumo anati, "Akunyamula ngati bokosi," anzake anamutontholetsa. Anthu anali ambiri, ena atakwera pachulu, koma onse anaima patali, kusiya bwalo lopanda munthu kuzungulira tebulo. A Manasseh anakhala pampando. A NyaChavula anakhala pamphasa moyang'anana ndi tambula, osaphethira. Dzuwa linali pamutu, koma nkhungu inayamba kutsika kuphiri monga imachitira, mpaka nthochi za kumunsi zinasowa.

Temwa anapereka moni kwa onse, nafotokoza malamulo monga amaphunzitsira ana, naonetsa dayisi kuti aliyense aone kuti ndi pulasitiki. Kenako anayamba nthano. Anati apaulendo atatu aja anakumbukira mnzawo, nabwerera, nafika pamwala. Anasuntha ndolo, mbedza ndi chitsekerero n'kuziika mozungulira tambula. Anati mwalawo ndi wolemera, wofuna kuusuntha aponye nambala yoposa khumi.

A Lovemore anaponya. Zitatu.

Isabella anapukuta manja pa diresi, naponya. Ziwiri.

Yakobe anayesa kuseka. "Mwala umenewu sudziwa kuti ine ndimanyamula matumba a shuga." Anaponya mwamphamvu, dayisi linagunda tambula, ngwee, n'kuima pa imodzi. Kulira kwa galasiko kunatenga nthawi kuti kuthe. Mwana wina anayamba kulira kumbuyo.

Anazungulira kachiwiri, zinakanikanso. Pa dayisi limenelo nambala zazikulu ndi zochuluka ngati zazing'ono, Temwa anandiuza kale. Anthu anayamba kung'ung'udza. Ndinamva wina akuti, "Chikukana." Mdzukulu wanga anandiyang'ana, milomo itayera. Akanatha kungonena kuti mwala wagubuduka wokha, poti mwini nthano ndi iye. Koma pamenepo akanakhala kuti wamasula ndi mawu ake, pamaso pa mudzi wonse.

"Wa m'katiyo sangakankhe?" ndinafunsa.

"Angakankhe, Abuya. Koma mwini wake palibe, ndipo palibe amene amayendetsa munthu wa mnzake."

"Amene anamunyamula m'mimba si mnzake. Anamuyendetsapo kale asanamere miyendo." Ndinatembenuka. "A NyaChavula, mwana ndi wanu. Bwerani mumuponyere."

A NyaChavula anandiyang'anitsitsa, ndipo ndikukhulupirira kuti anadziwa chimene ndinkachita, poti si mayi wopusa. Wogwira dayisi limenelo pamaso pa anthu sakanathanso kuloza chala ena amene analigwira. Koma mwana ndi mwana. Anadzuka, nayenda kudutsa bwalo lopanda munthu lija, nakhala pampando umene Hezron ankakhalapo.

"Ndinene chiyani?" anafunsa, osamuyang'ana Temwa.

"Nenani chimene akuchita m'phangamo, mama."

"Wagona." Anasendera pafupi ndi tebulo. "Wagona, watopa. Ndiye akumva amake akumuitana." Anaweramira pa tambula mpaka mpweya wawo unachita nthunzi kunja kwa galasi, nanena m'chinenero chimene anamuyamwitsa nacho: "Wuka, mwana wane. Tiye kukaya." Ndiko kuti dzuka, tiye kwathu.

Temwa anawaika dayisi m'dzanja. Sanaliponye, anangotsegula chikhatho, linagwa lokha. A Manasseh anadzuka kudzawerenga, kuti pasakhale chinyengo. Khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

"Mwala wasuntha," anatero Temwa. Manja ake anali kumbuyo, ndinaonetsetsa. "Vundukulani, mama."

Anavundukula. Panalibe utsi, panalibe mawu. Panali batani lofiira ndi ulusi wake, pa kalendala yakale. Analitola, ndipo ndinaona akulipukuta pa chitenje, poti linali lonyowa. Analimanga pakona ya mpango nachoka. Anthu anadikira pang'ono, ngati pali china chimene chikubwera, kenako anayamba kubalalika, ena okhumudwa. Mnyamata wina anati, "Basi? Bola bawo."

Hezron sanadzuke tsiku limenelo, kapena mawa lake. Anadzuka m'kati mwa sabata, ndipo madokotala anati mankhwala agwira ntchito pa nthawi yake. Atatuluka anabwera kwathu akuyenda ndi ndodo, ataonda, koma pakamwa pali pomwepo.

"Inu anthu," anatero atakhala pakhonde, "kupangana tsiku limodzi lokha mpaka mwezi? Ndinkakumvanitu. Uyu ati mlatho, uyu ati maliro, awa ati wekishopu. Mawu ankamveka ngati muli kuseri kwa windo. Ndinkati ndikuwe kuti bwerani Lachiwiri lomwe, koma mpweya unali wochepa."

Anaseka yekha. Isabella anati anthu ankalankhula zimenezi pafupi ndi bedi lake, ndiye makutu ankatola. N'kutheka. Za wekishopu sindikudziwa amene akanakazinena kuchipatala.

A NyaChavula sananenenso kanthu koipa za Temwa, ndipo wina akayamba iwo ndi amene ankamudula. Komiti inasiya nkhani ija. Ana anabwerera m'kalasi. Mdzukulu wanga sanachoke, ndipo sadzachoka.

Masewera anayambiranso, tsopano ndi timiyala ta kumtsinje m'malo mwa zinthu za anthu. Ndipo vuto lija la zaka zonse linatha. Temwa akangolemba tsiku, mayankho ankabwera asanatsike pachulu. Palibe ankati ndili pantchito, palibe ankati mvula. Ankafika nthawi isanakwane n'kukhala pakhonde mwaulemu. Poyamba anakondwa. Kenako Isabella anabwera thupi likutentha, akunjenjemera, nakana kukagona. A Lovemore anasiya akuluakulu awo m'munda wa khofi. Ndiye Loweruka lina Yakobe anafika atavala jekete yakuda, fumbi lofiira lili kunsapato, nakhala pamalo pake.

"Wachokera kuti?" anafunsa Temwa.

"Ku maliro. Azakhali anga."

"Aika kale?"

"Amakumba pamene ndimachoka."

Munthu kusiya manda a azakhali ake ali pakamwa, kuti adzaponye dayisi. Temwa anawayang'ana mmodzimmodzi, ndipo palibe anakweza maso, ngakhale Hezron. Anatseka kathumba kake.

"Sindikufuna anthu obwera chifukwa cha mantha," anatero. "Tileke. Yakobe, bwerera, ukapeza asanakwirire."

Palibe anadzuka. Anali a Lovemore amene analankhula, motsitsa. "Aphunzitsi, tileke, inde. Koma anthu athu ali pakati pa nkhalango. Mutisiya pamenepo?"

Temwa anatsegulanso kathumba, koma dayisi sanalitulutse. Anafotokoza msangamsanga, ndi mawu wamba, kuti nkhalango inatha, kunja kunacha, njira inali youma. Anatenga kamwala kalikonse n'kukafikitsa kwawo, kuchitchula dzina chitseko chake, kunena kuti walowa, wapeza abale ake ali bwino, wadya, wakhuta. Aliyense ankadikira mpaka wake atalowa, n'kupuma mwamphamvu, n'kunena yewo. Kenako anapinda kalendala ija, ndipo Hezron anamukweza Yakobe panjinga kuthamangira kumanda.

Papita zaka tsopano. Temwa akuphunzitsabe pa sukulu yomweyo, ndipo chaka chatha akuluakulu a maphunziro anamuyamikira pamaso pa aphunzitsi anzake, chifukwa m'kalasi mwake mwana sajomba. Kugwe mvula, kukhale kokolola, onse amakhala alipo. Ine ndinavala chitenje chatsopano tsiku limenelo ndipo ndinalulutira kuposa aliyense, chifukwa mwanayu amaphunzitsa bwino, ndipo wonena zina adzandipeze pakhomo pano. Iye anabwera kunyumba, anaika mphatso yake pakabati, nandiuza kuti m'mawa mwake mayi wina anabweretsa mwana wodwala chikuku atamubereka kumsana, namukhazika pabenchi, nagwada pakhomo la kalasi n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwamuonatu. Wabwera."